Tsiku Limene Ng'oma ya aGabrieli Sinamveke

1

Loko atangotseguka, ndinalowa ine patsogolo.

"Ng'oma zake ndi izi," ndinauza mlendo uja. "Nyamulani zonse. Pemphero akuthandizani kukweza m'galimoto."

"Dekhani, alamu," anatero aYosefina, mlongo wawo wa malemu amuna anga aGabrieli, akumangirira kiyi pa nsonga ya chitenje. "Katundu wa malemu satuluka mothamanga ngati wobedwa. Munthuyu ayambe waona."

Chipinda chimenecho chinali chokhoma kuyambira tsiku limene tinaika maliro. Kwawo kwa aGabrieli amatero: za malemu zonse amatsekera, kiyi amasunga wachibale, mpaka tsiku limene banja lidzakumane kudzagawa. Ine mwini nyumba, ku Kapata kuno, ndinkangodutsa pakhomo pa chipindacho ngati wa lendi.

Tsiku logawalo linali limenelo, ndipo nkhani zinali ziwiri. Yoyamba inali ng'oma. Yachiwiri inali itakhala pa mkeka kuseri kwa nyumba, manja ali pamiyendo: Tamiwe, mkazi wa mwana wanga Pemphero. Sutukesi yake inali kale pakhonde. Amalume ake, amenenso ndi ankhoswe ake, anali atabwera kuchokera ku Chiparamba kudzamutenga. Mlandu wake unali wakuti tsiku limene aGabrieli anamwalira iye ndiye anali pakhomo, apongozi ake anamuitana, iye osapita. Pemphero anali atanena kuti banja latha.

Mlendoyo dzina lake Majid, mwana wa aHaidar a sitolo ya nsalu m'tauni. Ali ndi nyumba yojambulira nyimbo ku Lusaka, ndipo amatolera zoimbira zakale. Anavula nsapato pakhomo, n'kugwada pafupi ndi ng'omazo, n'kuyamba kuzisisita.

"Sindinganyamule ndisanazimve, amayi," anatero.

"Mukazimvera ku Lusaka."

"Chimene ndabwerera ndi kulira kwake. Mundilole pang'ono chabe."

Ndinakhala pa bedi la malemu. Mantha sindinamve. Masiku amenewo sindinkamva chilichonse, ngakhale mchere mu ndiwo.

2

Ine ndine Dolika, koma kuno amanditcha Amake Pemphero. Sukulu ndinalekeza Fomu 2. Sindikonda kuzungulira, ndiye ndinena mmene zinalili.

Ng'oma zimenezi ndinazipeza. AGabrieli anazigula tisanakwatirane, m'sitolo ya mwenye kumunsi kwa tauni. Zinali zochokera ku Japan, zotsika mtengo kuposa zonse zimene zinalipo, zofiira, zonyezimira ngati mamba a nsomba. Dzina limene linamatidwa kutsogolo kwake palibe ankalidziwa. Bandi yawo inali Nyenyezi za Kanjala. Ankaimba m'maholo ndi m'mahotela, kuyambira ku Katete mpaka kuwoloka malire pa Mwami kukafika ku Mchinji.

Anzawo a mabandi ena ankawaseka. "Gabrieli, makatoni akowo mvula ikagwa usawaiwale panja!" Thabwa lake linalidi lopyapyala, lopepuka, moti ng'oma yaikulu ndinkainyamula ndi dzanja limodzi. Iwo sankakangana ndi munthu. Ankangomenya kamodzi n'kunena kuti, "Mvera."

Ndili mtsikana ndinkawatsatira, ndipo ntchito yanga inali yosunga kakiyi komasulira zikopa. Ng'oma yaikulu ija yoimba ndi phazi imafuna pilo m'kati, kuti isabangule kwambiri n'kumeza woimba. Oimba ng'oma onse amatero. Mapilo anga anathera mmenemo. Koma panali ina, yoima ndi miyendo itatu, ya mawu akuya, imene ankaiika kudzanja lamanja. Imeneyo ayi.

"Iyi usamaiike kanthu, Dolika," ankatero. "Iyi ndi pakamwa panga."

Bandi inatha, ngati mmene anathera mabandi onse. AGabrieli anakhala dalaivala wa kampani yogula thonje mpaka kupuma. Ng'oma zinkatuluka pa Khirisimasi pokha, kukaimba ku tchalitchi. Kakiyi kaja anakamangirira pa chingwe chimodzi ndi mendulo yawo m'khosi.

Kenako sitiroko inawagwira akutsuka njinga. Mbali yamanja yonse inafa. Mawu anapita onse, osatsala ngakhale dzina langa.

Atatuluka m'chipatala, Pemphero ananyamula ng'oma ya miyendo itatu ija n'kuiika pambali pa bedi, kumanzere. Anawagwiritsa kamtengo koimbira.

"Abambo, mukafuna kanthu muzimenya apa."

Anamenya. Makoma ananjenjemera. Abale onse anaomba m'manja, akuti mwana wanzeru. Inenso ndinaomba. Mmawa mwake abale anabwerera kwawo, Pemphero anabwerera ku ntchito yake ya mapepala a malole ku Mwami, ndipo ine ndinatsala ndi ng'oma.

3

Anthu amene sanadwazikepo sadziwa. Ankamenya akafuna madzi. Ankamenya akafuna chimbudzi. Ankamenya ntchentche ikatera pamphuno, wailesi ikasiya kumveka, phala likatentha, phala likazizira. Nthawi zina ndikathamanga manja ali sopo yekhayekha, ndinkapeza palibe chimene akufuna. Ankangofuna ndiime pakhomo andione.

Ndipo ng'oma imeneyo inkamveka. Inkamveka ku bafa, ku mpopi, mpaka ku chigayo. Ndikapita pa kantini kukagula machesi, Amake Takondwa oyandikana nafe ankakuwa pamwamba pa mpanda:

"Amake Pemphero! Akukuitanani!"

Ngati kuti ine ndilibe makutu.

Zaka zinadutsa choncho. Ku mphakati ndinasiya kupita. Ku maliro a anzanga ndinkangotumiza chipepeso. Munda wanga wa mtedza ku Chiparamba ankalima aganyu mmene afunira. AYosefina ankabwera Lamulungu ndi botolo la maheu, n'kukhala pa mpando wabwino.

"Alamu, mukuwatembenuza bwino achimwene? Msana uwu wafiiratu."

Tsiku lina ndinayesa. Ndinati, "Alamu, bwanji mudzagoneko kuno sabata imodzi, ine ndikaone munda?"

"Ine ndi miyendo yangayi? Inu munalumbira pa guwa, alamu. Ndipo Mulungu anakupatsani mphamvu. Tonse timakunyadirani."

Sindinapemphenso. Ndine munthu wosakonda kupempha kawiri.

Pemphero atakwatira, Tamiwe anabwera kudzakhala nafe. Mwana wofatsa, wa manja achangu. Zochapa zonse anatenga iye, kuphikanso. Koma akalowa iye m'chipinda, aGabrieli ankapitiriza kumenya mpaka nditafika ine. Pofika chaka chathachi ndinkaimva ng'omayo ngakhale isakulira. Ndinkatula mphika n'kuthamanga, n'kupeza munthu ali mtulo.

4

Tsikulo ndinapita ku Chiparamba kukakumba mtedza, usanamere m'nthaka. Ndinalawirira. Ndinasiya Tamiwe pakhomo.

Pobwera masana ndinapeza anthu adzaza pabwalo, amayi atafunda zitenje. Palibe anafunikira kundiuza.

Anawapeza atapendekera m'mbali mwa bedi, kamtengo kali m'manja. Chikhatho chawo chinali chitatupa matuza. Dokotala anati inali sitiroko yachiwiri, ndipo analimbana nayo nthawi yaitali. Anati akanafika msanga kuchipatala, mwina. Mawu akuti mwina amenewo ndi amene abale ananyamula.

"Unali kuti?" Pemphero anamufunsa mkazi wake pamaso pa anthu.

"Ndinali pa mpopi kuseri, ndimachapa."

"Pa mpopi pomwepa? Osamva?"

"Sindinamve. Ng'oma sinalire."

"Sinalire!" aYosefina anaomba m'manja. "Ng'oma yomveka ku chigayo? Taona dzanja la munthuyu! Unali pa foni iwe. Atsikana a masiku ano mungasiye nyumba ikupsa."

Amake Takondwa tsiku limenelo anali ku Mwami kukaoda zitenje. Koma anapezeka ena a mu mzere mwathu amene analumbira kuti anaimva. Sindikuti ananama dala. Chinthu chimene umamva tsiku ndi tsiku, ukafunsidwa umati unachimva.

Pemphero anasiya kudya zophika mkazi wake. Kenako anasamukira pa balaza. Tamiwe anaonda mpaka mphete inkavuka ikamachapa. Ankandipatsabe madzi osamba atagwada, ine n'kulandira. Sindinamunene, sindinamuikirenso kumbuyo. Ndinangokhala chete, ndipo anthu ankati, "Taonani mmene chisoni chawaumitsira amayiwa."

5

Tibwerere m'chipinda muja.

Majid anatulutsa timitengo m'chikwama. Anayamba ndi kang'oma ka mawaya kunsi, kenako tiwiri tating'ono ta pamwamba. Anatseka maso.

"Mwamva?" anauza Pemphero. "Izi ankazipanga zambirimbiri kalelo, za ana asukulu ndi mabandi osauka. Sitolo iliyonse inkangomatapo dzina lake. Anthu ankazinyoza, zambiri zinatayidwa. Koma thabwa lopyapyalali likauma zaka zonsezi limalira mofewa, mozama, losabaya m'khutu. Ukaika maikolofoni pafupi, nyimbo imatuluka ngati za makolo athu zija. Zatsopano zonyezimirazi sizingathe."

"Ndiye ndi chuma?" anafunsa aYosefina, atasendera pafupi.

"Simungamangire nyumba, amayi, ndisakunamizeni. Koma zathunthu chonchi, zosapentedwa, zosabooledwa, n'zosowa. Ndipo mtima wake uli apa."

Anagwira ng'oma ya miyendo itatu. Anayang'ana chikopa, chimene chinali ndi timaenje tatsopano pakati. Anakweza kamtengo n'kumenya.

Phu.

Ngati munthu wamenya thumba la madeya.

Anamenyanso, mwamphamvu. Phu.

Pemphero anakweza mutu. "Yatani?"

"Mwina chinyezi," ndinatero. "Yakhalitsa motseka. Tengani choncho, bambo, tikuchotserani mtengo."

Majid anaikweza pang'ono n'kuitsitsa. "Ikulemera," anatero. "Kakiyi kake kali kuti?"

"Tinawaika nako m'manda," anayankha Pemphero. "Kanali m'khosi mwawo."

Ndinapuma. Koma mnyamata wa ng'oma sayenda wopanda kakiyi. Anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa kake. Anamasula zomangira chimodzichimodzi, mosafulumira, n'kunyamula chikopa. Analowetsa dzanja. Chimene anakoka chinali bulangete, lotuwa, la mzere wofiira m'mphepete, lopindidwa bwino n'kukanikizidwa mpaka kukhudza zikopa zonse ziwiri.



Majid anayang'ana nkhope zathu, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira kuti waponda pamene sanayenere. "Oimba ng'oma amatero," anatero mofulumira. "Mwina malemu anaika okha kalekale, kuti isasokoneze anthu."

Khomo langa lothawira linali limenelo, lotseguka. Ndikanangogwedeza mutu.

"Kalekale liti?" anatero aYosefina. "Lamulungu lomaliza ndinali pano, inkalira mpaka mano kuwawa. Ndipo achimwene ndi dzanja limodzi akanamasula bwanji zonsezi?" Anatulukira pakhomo. "Tamiwe! Bwera kuno! Ankhoswe, bweraninso mudzaone mwana wanu!"

Tamiwe analowa n'kugwada pafupi ndi chitseko. Amalume ake anaima kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja.

"Ndiye sikuti sunamve chabe," anatero aYosefina, akugwedeza bulangete lija pamaso pake. "Unachita kuwatseka pakamwa! Kuti uzicheza bwino pa foni! Iyi si nkhani ya ankhoswe, iyi ndi ya polisi."

Pemphero anatembenukira kwa mkazi wake. "Tamiwe, yankha. Unaika ndiwe?"

Tamiwe sanayang'ane mwamuna wake. Sanayang'anenso bulangete. Anayang'ana ine, kamodzi, n'kuweramitsa mutu.

"Bulangete ilo ndi langa," ndinatero. "Ndinaika ndine."

6

Ndinawauza pomwepo, nditakhala pa bedi, ndi mawu omwe ndimaitanira ogula mtedza.

Linali dzulo lake la ulendo wa ku Chiparamba, masana. Tamiwe anali ku msika. Tsiku limenelo aGabrieli anayamba kumenya kusanache, osaleka. Ndinawasambitsa, ndinawadyetsa, ndinasintha nsalu za pabedi, iwo n'kuipitsanso. Nditangokhala pansi kuti ndimwe tiyi, ng'oma. Ndinalowa. Panalibe chimene ankafuna.

Sindinakalipe. Ndinawerama, n'kuwavula chingwe m'khosi. Ndinamasula chikopa mmene anandiphunzitsira iwo omwe. Ndinatenga bulangete pa bedi langa, ndinalipinda, ndinalikanikiza m'kati, ndinamanganso, ndinawabwezera chingwe chawo. Zonsezi iwo ali maso, akundiyang'ana.

"Lero lokha," ndinawauza. "Ndipumeko lero lokha."

Anamenya. Phu. Anamenyanso. Kenako anaika kamtengo pa chifuwa n'kutembenuzira nkhope ku khoma.

Madzulo amenewo ndinamwa tiyi wotentha mpaka kutha kapu, koyamba pa zaka zambiri. Tamiwe atabwera anati, "Lero abambo apumatu." Ine ndinati inde.

Ndinkati ndichotsa mmawa ndisananyamuke. Ndinaiwala. Ndinakumbukira galimoto itadutsa kale malire a tauni. Foni ndinali nayo m'chikwama. Ndikanaimba, ndikanati, "Tamiwe, uzisuzumira abambo pafupipafupi." Koma akanafunsa chifukwa, ine n'kuyamba kufotokoza. Ndinati ndibwera msanga. Ndinakumba mtedza wanga.

Nditamaliza kunena, palibe analira. AYosefina anakhala pansi penipeni, pa simenti. Pemphero ankangoti, "Amayi. Amayi," ngati akuyesa ngati liwulo likugwirabe ntchito.

Woyamba kulankhula zomveka anali Tamiwe.

"Ndinkadziwa, amayi."

Tonse tinamuyang'ana.

"Nditawapeza atapendekera, ndinamenya ng'omayo ndi dzanja kuti anthu abwere. Sinalire. Ndipo zochapa m'nyumba muno ndimachapa ndine. Bulangete lanu ndinalisowa."

"Nanga osanena bwanji?" anafunsa amalume ake.

"Ndinanena kuti ng'oma sinalire. Amuna anga anati ndine wabodza." Anapukuta manja pa chitenje. "Dzina la amayi sindikanalitchula. Ine ndadwazika miyezi yochepa chabe, koma tsiku lina ndinalakalaka nditaiboola ndi mpeni. Iwo ndi zaka. Ndinkati anena okha. Tsiku lililonse ndikamawapatsa madzi osamba ndinkati lero anena."

Bulangete ndinaika nditatopa. Koma kukhala chete ndinakhala nditapuma bwino.

Majid anali atayamba kulongedza timitengo take mwakachetechete. Pemphero anamugwira pa mkono.

"Imangeni, achimwene. Ndikufuna ndiimve."

Anabwezera chikopa, anamanga mozungulira, akugogoda ndi chala m'mphepete mpaka atakhutira. Kenako anapereka kamtengo kwa Pemphero. Mwana wanga anamenya kamodzi.

Mawu aja anatuluka onse, akuya, ozungulira, n'kuyenda m'makoma ndi m'malata, osafuna kutha. Ndinapezeka nditaimirira. Miyendo inaimirira yokha.

Ndipo panja, pamwamba pa mpanda, Amake Takondwa anakuwa asanaganize:

"Amake Pemphero! Akukuita..."

Analekeza pomwepo.

7

Ng'oma sizinagulitsidwe. Majid anati abwera tsiku lina, koma ndi mwana waulemu, sanabwere. Zili m'chipinda chomwecho, chosakhoma. Nkhani ya polisi aYosefina sanaitchulenso. Sanabwerenso ndi maheu.

Pemphero anagwada pamaso pa mkazi wake ndi ankhoswe, pabwalo, anthu akuona. Tamiwe anamumvera mpaka kumaliza. Kenako ananyamula sutukesi yake yekha.

"Simunandifunse ngakhale kamodzi tili awiri," anatero. "Munandifunsa pagulu, yankho muli nalo kale."

Anapita ndi amalume ake. Pemphero wapitako kangapo ku Chiparamba, amabwera yekha. Panopa anapeza chipinda ku Mwami. Amanditumizira ufa ndi sopo, koma salowa m'nyumba.

Ndikapita ku munda ndimadutsa pakhomo pa amayi ake a Tamiwe, chifukwa njira ndi yomweyo. Tamiwe akandiona amasiya chimene akuchita, n'kubwera kudzagwada m'mphepete mwa njira. "Mwadzuka bwanji, amayi?" Ndimayankha. Amabwerera ku ntchito yake. Wanenepako tsopano.

Kwa ansembe ndinapita. Anandiuza zonena, ndinanena. Anthu amafunsa ngati ndimalira. Ayi. Ndimadzuka, ndimasesa, ndimamwa tiyi wotentha mpaka kutha kapu, popanda wondiitana.

Inu amene mukuwerenga, sindikufuna chisoni chanu, ndilibe pochiika. Ndikufuna zinthu ziwiri. Ngati kwanu kuli wodwala wa nthawi yaitali, pali munthu mmodzi amene akumutembenuza ndi kumupukuta, ndipo inu mumamuyamikira Lamulungu. Lekani kumuyamikira. Nyamulani mkeka wanu mukagone kumeneko, iye akagone kwina. Musadikire apemphe kawiri, ena sitipempha kawiri.

Ndipo ngati wotembenuzayo ndi inu, mwatopa mpaka manja ayamba kuganiza okha, tulukani panja mukuwe kuti mwatopa, amve a mzere wonse. Akunenani, inde. Kunenedwa kumatha. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, mwana wa eni asanayambe kukusenzerani. Ine ndinadikira mpaka mlendo anabwera ndi kakiyi kake. Inu musadikire.